"Crispy" ndi "Crunchy" Si Mapasa

Pa tchuthi chachitali cha chaka changa chachiwiri pa yunivesite, azakhali anga anandipatsa ntchito imene tonse tinkaiona ngati yachibwana kwa munthu wophunzira zinenero. Azakhaliwo amakazinga mtedza n'kumagulitsa pamsika, ndipo ndi mtedza womwewo umene walipirira sukulu ana awo atatu. Chaka chimenecho mayi wina wa golosale m'tauni anavomera kuti aziwaoda mtedzawo, koma anapempha kuti paketi iliyonse izikhala ndi kapepala ka dzina kolembedwa m'Chingerezi. "Iwe ndiwe wa ku yunivesite," anatero azakhali. "Tilembere kuti mtedzawu ndi wokazinga bwino, wouma, wokoma kukukuta."

Sindinatsegule buku ndipo sindinafunse munthu. Ndinangotenga cholembera n'kulemba mawu awiri akuti "Crispy Groundnuts". Azakhali anakongola ndalama ku banki m'khonde n'kusindikiza timapepala 500, ndipo tinachezera usiku wonse kumata timapepalato pa mapaketi.

Patatha sabata ziwiri, mayi wa golosale uja anawaimbira foni. "Mayi, mtedza wanu ulibe vuto, koma kapepalaka kakunena zina. Anthu akaona 'crispy' akumaganiza kuti ndi mtedza uja amaukuta ndi ufa n'kuukazinga m'mafuta. Awiri abweza kale. Mtedza wanuwu ndi 'crunchy'. Mukasintha timapepala ndidzaodanso." Azakhali sanandikalipire. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwanangu, kodi mawu awiriwa akusiyana pati?" Ine, amene ndinakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, ndinasowa choyankha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Phulalo ndinadya ndine, koma analipira ndi azakhali.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira za afotokozi awiriwa. Maganizo anga ndi akuti mawuwa si ofanana monga mmene ambirife timawaonera, ndipo chimene chimatisokoneza ndi njira imene tinaphunzirira Chingerezi: kuloweza mindandanda ya mawu ofanana matanthauzo popanda kuwalumikiza ndi zinthu zimene timazidziwa. Ndikufunanso kuonetsa kuti chida chabwino chomvetsera kusiyanaku tili nacho kale m'Chichewa, kungoti timachisiya panja tikamalowa m'kalasi ya Chingerezi.

Tiyambe ndi kumene mawuwa anachokera. Liwu lakuti "crispy" ndi mphukira ya "crisp", ndipo "crisp" linachokera ku liwu la Chilatini lakuti "crispus", lotanthauza chinthu chopotana. M'Chingerezi chakale liwuli linkanena za tsitsi lopotana, osati za chakudya. Tanthauzo la chinthu chouma chimene sichichedwa kusweka linabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1500. Ine kusintha kumeneku sikundidabwitsa, chifukwa aliyense amene anakazingapo kanthu amadziwa kuti chinthu chopyapyala chikakhala pamoto chimauma, m'mphepete mwake n'kupindika. Ku liwu lomwelo la Chilatini n'kumene kunachokeranso "crêpe", dzina la Chifalansa la chitumbuwa chopyapyala kwambiri.

Mbiri ya "crunchy" ndi ina. Liwuli linachokera ku mneni "crunch", amene anayamba kuoneka m'zolembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo akatswiri a mbiri ya mawu amati amatsanzira phokoso la mano akamaphwanya chinthu cholimba. Choncho liwu loyamba linayambira pa maonekedwe a chinthu, pamene lachiwiri linayambira pa phokoso lake. Mawu awiriwa anadzera njira zosiyana n'kudzakumana m'mbale, ndipo aliyense anabwera ndi katundu wake.

Tsopano tione zimene zimachitika m'kamwa, chifukwa kumeneko n'kumene kuli nkhani yeniyeni. Chakudya cha "crispy" nthawi zambiri chimakhala chopyapyala, chouma ndi chopepuka. Ukachiluma ndi mano akutsogolo chimasweka nthawi yomweyo osafuna mphamvu, ndipo ukatafuna kawiri kapena katatu phokoso lake limatha. Eni chinenerochi amagwiritsa ntchito liwuli ponena za khungu la nkhuku yootcha, nyama ya nkhumba yodula mopyapyala yotchedwa "bacon", kapena mbatatesi zopyapyala za m'mapaketi zimene anthu a ku Britain amazitcha "crisps" pamene a ku America amati "chips". Chakudya cha "crunchy" chimakhala chokhuthala ndi cholimba. Mano akutsogolo amachipereka kwa mano akumbuyo, nsagwada zimagwira ntchito, ndipo phokoso limapitirira mpaka utatsala pang'ono kumeza. Karoti wamuwisi ali m'gulu limeneli, chimodzimodzinso mtedza wokazinga.

Umboni wosavuta uli pa mashelefu a masitolo athu. Mabotolo a chiponde amalembedwa mitundu iwiri: "smooth", chimene ndi chiponde chosalala, ndi "crunchy", chimene muli tizidutswa ta mtedza tosasinjika. Sindinaonepo botolo lolembedwa "crispy peanut butter". Mabotolo amenewa ndakhala ndikuwaona kuyambira ndili mwana, koma tsiku lolemba kapepala ka azakhali sindinawakumbuke, chifukwa m'mutu mwanga Chingerezi cha m'sitolo ndi Chingerezi cha m'kalasi zinkakhala m'zipinda zosiyana.

Asayansi ya zakudya nawonso anaifufuza nkhaniyi, popeza makampani opanga zakudya amadziwa kuti anthu amagula chinthu chifukwa cha mmene chimamvekera m'kamwa, osati kukoma kokha. Zata Vickers, wa ku yunivesite ya Minnesota ku America, anachita kafukufuku m'zaka za m'ma 1980 woyerekeza phokoso la zakudya zosiyanasiyana. Iye anapeza kuti zakudya zimene anthu amaziika m'gulu la "crisp" zimatulutsa phokoso lokwera, pamene za "crunchy" zimatulutsa phokoso lotsika. Kwa ife amene tinakulira m'kwaya, tinganene kuti china chimaimba sopulano, china besi. Chifukwa china cha zimenezi n'chakuti ukaluma chinthu ndi mano akutsogolo milomo ili yotsegula, phokoso limafika kukhutu kudzera mumpweya. Koma ukamatafuna ndi mano akumbuyo pakamwa pali potseka, phokoso lambiri limayenda m'mafupa a nsagwada ndi a mutu, ndipo limamveka lotsika.

Kafukufuku wina wodziwika bwino ndi wa Massimiliano Zampini ndi Charles Spence, amene anachitikira ku Oxford n'kusindikizidwa mu 2004. Iwo anapatsa anthu mbatatesi za Pringles kuti aziluma ndi mano akutsogolo atavala mahedifoni, ndipo phokoso la kulumako linkadutsa m'makina lisanafike m'makutu mwawo. Ofufuzawo akakweza phokosolo, kapena akakweza mbali yake ya sopulano yokha, anthu ankanena kuti mbatatesizo ndi za "crisp" kwambiri ndiponso zatsopano. Akalitsitsa, anthu omwewo ankati mbatatesizo zagonera. Koma mbatatesi zonse zinali za mtundu umodzi. Ntchitoyi inalandira mphotho ya Ig Nobel mu 2008, mphotho imene imaperekedwa kwa kafukufuku amene amayamba wakuseketsa kenako n'kukuganizitsa. Kwa wophunzira zinenero, phunziro lake ndi lakuti tanthauzo la mawu awiriwa silikhala pa lilime pokha. Mbali ina ili m'khutu.

Kusiyanaku kumaonekeranso mawuwa akachoka pa chakudya n'kupita kwina. Mngerezi amatha kunena "crisp" pofotokoza ndalama yapepala yongotuluka kumene kubanki, malaya ositidwa bwino, kapena mphepo yozizira ndi youma ya m'mawa, yonga ija ya ku Dedza m'mwezi wa June. Zonsezi zili ndi ganizo la chinthu chatsopano, chowongoka, chosalobodoka. Koma "crunch" amagwiritsa ntchito ponena za phokoso la miyala ing'onoing'ono galimoto ikamaiponda, ndiponso za nthawi ya mpanipani. N'chifukwa chake mavuto a zachuma a mu 2007 ndi 2008, pamene mabanki a ku America ndi ku Ulaya anayamba kuumira ngongole, ankatchedwa "credit crunch". Apa ganizo ndi la kupanikiza ndi kuphwanya. Munthu amene wamvetsa za mano akutsogolo ndi mano akumbuyo sangavutike kumvetsa matanthauzo enawa, chifukwa onse akuchokera ku tsinde lomwelo.

Ndikudziwa kuti ena atsutsa. Mnzanga wina wa m'kalasi, nditamufotokozera zonsezi, anaseka n'kunena kuti ngakhale Angerezi eniake amasakaniza mawuwa. Akunena zoona. Mabisiketi ena amalembedwa "crispy", ena ofanana nawo amalembedwa "crunchy", ndipo otsatsa malonda nthawi zina amaika mawu onse awiri pa paketi imodzi. Apozi wabwino amatha kutchedwa "crisp" ngakhale kuti si wopyapyala kapena wouma, ndipo munthu wina angamutchenso "crunchy" popanda womudzudzula. Mabuku otanthauzira mawu nawonso amagwiritsa ntchito liwu limodzi pofotokoza linzake, moti wophunzira amangozungulira ngati mbuzi ya pachingwe.

Yankho langa ndi lakuti kukumana pakati sikufafaniza kusiyana kwa kumapeto. M'bandakucha munthu angakangane ndi mnzake ngati kwacha kapena kudakali usiku, koma palibe amene amatsutsa kuti masana ndi usiku n'zosiyana. Pali zakudya zimene zili m'bandakucha wa mawu awiriwa, ndipo pa zimenezo liwu lililonse limaloledwa. Koma palinso zina zimene zili masana enieni. Khungu la nkhuku yootcha lili mbali imodzi, chiponde cha tizidutswa chili mbali inayo. Mwini chinenero akasakaniza mawuwa, amatero pa zakudya za pakati, ndipo amadziwa pamene sangasakanize ngakhale sangathe kufotokoza lamulo lake. Ife ophunzira timasakaniza paliponse chifukwa malirewo sitikuwadziwa. Kusakaniza kwake ndi kwathu si kumodzi.

Ena anganene kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, ndipo wophunzira wa pa yunivesite ali ndi mavuto aakulu a Chingerezi oposa mtedza. Ndikanavomera ndikanapanda kuona nkhope ya azakhali akuwerengera chiwongoladzanja cha ku banki m'khonde. Ambirife tikamaliza maphunziro sitidzamasulira mabuku akuluakulu. Tidzalemba timapepala ta pa katundu, mindandanda ya zakudya m'malo odyera, mauthenga a malonda a pa wailesi ndi malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka zinthu. Pa ntchito zoterezi liwu limodzi ndi lonjezo kwa wogula, ndipo lonjezo likapanda kukwaniritsidwa amene amaluza ndi mwini katundu. Komanso chizolowezi chimene chinandilakwitsa pa "crispy" ndi chomwecho chimene chingandilakwitse pa mawu a zachipatala kapena a zamalamulo: kukhulupirira kuti mawu awiri akaikidwa pa mzere umodzi m'buku ndiye kuti angalowane m'malo paliponse.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachizindikira mochedwa. Azakhali anali atandipatsa kale yankho tsiku loyamba lomwelo. Iwo anati mtedzawo ndi "wokoma kukukuta". Mneni ameneyu ali ndi zonse zimene ndafotokoza pamwambapa: chinthu cholimba, mano akumbuyo, nsagwada zogwira ntchito, phokoso lotsika lopitirira. Timakukuta chimanga chokazinga, chinangwa chachiwisi, gwafa wosapsetsa. Munthu akamadya zimenezi timati akumveka kukutu kukutu. Koma ngumbi zokazinga bwino, kapena m'mphepete mwa zigege zongophulidwa kumene m'chiwaya, zimangoti tswa ukaziluma, kenako basi. Mayi amene anasiyira sukulu Sitandade 5 ankadziwa kusiyana kumene mwana wa ku yunivesite anakuphonya. Iwo ankakudziwa m'Chichewa, ndipo ine sindinaganize n'komwe kuti Chichewa chingandithandize kusankha liwu la Chingerezi.

Mawu ngati "kukutu" ndi "tswa" ndi amene mu galamala timawatcha amvekero. Katswiri wa zinenero za Chibantu, Clement Doke, anafotokoza mtundu wa mawu umenewu m'buku lake la mu 1935 lotchedwa Bantu Linguistic Terminology, ndipo dzina limene anagwiritsa ntchito, "ideophone", ndi limene akatswiri amatsatira mpaka lero. Amvekero amajambula phokoso, maonekedwe kapena kamvekedwe ka chinthu m'thupi mwachindunji. Chichewa chili nawo ochuluka zedi. Timati chauma gwa, kwazizira zii, wagwa khu, ndodo yathyoka thyo. Komabe ambirife tinaleredwa ndi maganizo akuti amvekero ndi mawu a m'nthano ndi a pamacheza, osayenera m'nkhani ya maphunziro.

Si Chichewa chokha chimene chili ndi chuma chotere. Chijapanizi chimadziwika ndi mawu ambiri ofotokoza mmene chakudya chimamvekera m'kamwa, moti ofufuza a ku Japan anasonkhanitsa mawu otere opitirira 400, ndipo ambiri mwa iwo ndi amvekero. Pamene Mngerezi ali ndi "crispy" ndi "crunchy", Mjapanizi ali ndi "saku-saku", "pari-pari", "kari-kari", "bori-bori" ndi ena, lililonse ndi mtundu wake wa kusweka. Iwo mawu amenewa sachita nawo manyazi. Amawalemba pa mapaketi a zakudya ndi m'mauthenga a malonda, ndipo asayansi awo amawafufuza. Ngati chinenero cha dziko lotukuka chotere chimadalira amvekero pa nkhani imeneyi, sindikuona chifukwa choti ife tiziwasiya pakhomo la kalasi.

Ndiye tichite chiyani? Poyamba, ndikupempha aphunzitsi athu kuti pophunzitsa mawu ofanana matanthauzo asamalekere pa kufanana. Phunziro lenileni lili pa kusiyana. Tsiku lina mphunzitsi atabwera m'kalasi ndi mbale ya chimanga chokazinga ndi paketi ya mbatatesi zopyapyala, n'kutiuza kuti aliyense alume, amvetsere, alembe mvekero wa Chichewa, kenako asankhe liwu la Chingerezi, palibe amene angadzaiwale phunzirolo. Njira yomweyi ingagwire ntchito pa "rough" ndi "coarse", pogwiritsa ntchito khoma losapaka pulasitala ndi ufa wa mgaiwa, kapena pa "soft" ndi "tender", pogwiritsa ntchito pilo ndi nyama yophika bwino.

Chachiwiri, amene akulemba mabuku otanthauzira mawu a Chingerezi m'Chichewa asamaope kuika amvekero m'matanthauzo. Kulemba kuti mawu onse awiri amatanthauza "chouma" kapena "cholimba" n'kumusiya wophunzira panjira. Kuwonjezera kuti china chimati tswa pamene chinzake n'chokukuta kungathetse vutolo ndi mawu ochepa kwambiri.

Chachitatu ndi cha ife ophunzira. Tisanagwiritse ntchito mfotokozi wa Chingerezi, tizifunsa kuti kodi amayenda ndi mayina ati. Liwu limadziwika ndi anzake amene limayenda nawo, monga mmene munthu amadziwikira. Masiku ano kufufuza zimenezi si kovuta. Pali nkhokwe za ziganizo zenizeni, monga British National Corpus, imene inasonkhanitsidwa m'zaka za m'ma 1990 ndipo ili ndi mawu pafupifupi 100 miliyoni a Chingerezi cholembedwa ndi cholankhulidwa. Munthu akhoza kulembamo liwu n'kuona ziganizo zimene lagwiritsidwamo ntchito. Ngakhale popanda intaneti, kuyenda m'sitolo n'kumawerenga mapaketi ndi maso a wophunzira ndi kafukufuku wokwanira. Ine ndikanangochita zimenezo kwa mphindi khumi, azakhali sakanataya ndalama zawo.

Pomaliza, sindikunena kuti pali mpanda wachitsulo pakati pa "crispy" ndi "crunchy". Chinenero chamoyo sichikhala ndi mipanda yotere, ndipo mawu amene anayamba ndi tsitsi lopotana n'kufika pa khungu la nkhuku akhoza kusunthanso m'tsogolo muno. Chimene ndikunena n'chakuti lero lino mawuwa amalonjeza zinthu ziwiri zosiyana kwa munthu amene akuwawerenga, ndipo womasulira ayenera kudziwa lonjezo limene akupereka m'malo mwa amene wamutuma.

Timapepala tatsopano tinasindikiza ndi ndalama zimene ndinapatula pa zodyera zanga za teremu yotsatira, ndipo tinalembapo "Crunchy Roasted Groundnuts". Mayi wa golosale anasunga lonjezo lawo. Timapepala takale azakhali anayatsira mbaula, kupatula kamodzi kamene ndinakasunga m'buku langa lotanthauzira mawu, pa masamba a chilembo cha C. Tsiku lomata timapepala tatsopanoto azakhali anandifunsanso funso lawo lija. Ndinawayankha kuti "crunchy" ndi chokukuta, "crispy" ndi chimene chimangoti tswa. Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Basi? Ukanandifunsa ine bwenzi nditakuuza kalekale."